Mpando wa kutsogolo m'ndege: woyenda pa ntchito amaupeza bwanji?

Ndege zoyenda mtunda wautali zimagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mtengo wake. Kumbuyo, komwe kumakhala anthu ambiri, ndi ku economy class. Kutsogolo, kuseri kwa katani, kuli business class. Makampani ena amaikanso premium economy pakati pa ziwirizi, enanso amakhala ndi first class kutsogolo kwenikweni. Munthu amene ali ndi tikiti ya kumbuyo angathe kusamukira kutsogolo popanda kugula tikiti yatsopano, ndipo ogwira ntchito za ndege amatcha zimenezi upgrade. Nkhaniyi imakhudza kwambiri oyenda pa ntchito, chifukwa tikiti imagulidwa ndi ofesi kapena bungwe lowaitana, pomwe msana wopirira ulendowo ndi wawo.

Boma la Chiradzulu lili ndi anthu otere ambiri kuposa momwe munthu angaganizire. Aphunzitsi a pa Catholic University of Malawi ku Nguludi amapita ku misonkhano ya zamaphunziro. Abusa a Providence Industrial Mission ku Mbombwe ali pa ubale wakale ndi mpingo wa National Baptist Convention wa ku America, dziko lomwe John Chilembwe anapita pa sitima ya pamadzi mu 1897. Ogwira ntchito zaumoyo nawo amaitanidwa kunja, makamaka chifukwa bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, ntchito imene inamveketsa dzina la Chiradzulu pa misonkhano ikuluikulu ya za Edzi. Palinso amalonda opita ku Dubai ndi ku Guangzhou, omwe tikiti amagula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Onsewa njira ndi imodzi: kudutsa Limbe ndi Blantyre, kukhota pa Kameza mpaka ku bwalo la ndege la ku Chileka.

Pa Chileka lero sipanyamuka ndege yopita molunjika ku Ulaya, ku America kapena ku Asia. Kale inalipo. Kuyambira mu 1974 mpaka 1979, kampani ya Air Malawi inkayendetsa ndege ya mtundu wa VC10 kuchoka ku Blantyre kupita ku London. Masiku ano ulendo umakhala wa magawo awiri kapena atatu. Gawo loyamba ndi lalifupi, la maola awiri ndi mphindi zingapo kukafika ku Johannesburg kapena pafupifupi maola anayi kukafika ku Addis Ababa, pa ndege zapakatikati monga Boeing 737. Gawo lachiwiri ndiye lalitali: pafupifupi maola 8 kuchoka ku Addis Ababa kupita ku London, maola 11 kuchoka ku Johannesburg kupita ku London komweko, ndi oposa 13 pakati pa Washington ndi Addis Ababa. Popita ku Washington ulendo umatalikirapo, chifukwa bwalo la Bole la ku Addis Ababa lili pamtunda woposa mamita 2,300, pomwe mpweya ndi wopepuka moti ndege yodzaza mafuta a ulendo wonse ingavutike kunyamuka, choncho imaima panjira kukamwa mafuta.

Kusiyana kwa magawowa ndiko kumauza munthu pomwe ndalama ya upgrade ingamupindulire. Pa Boeing 737, business class ndi mpando wokulirapo, wopendekeka pang'ono, ndi chakudya cha m'mbale zadothi. Ndi zabwino ndithu, koma ulendo wa masana wa maola awiri kapena anayi munthu wathanzi amaupirira popanda vuto. Pa ndege zikuluzikulu monga Boeing 787 ndi Airbus A350 zinthu n'zosiyana. Ku economy, mpata wochokera pa mpando umodzi kufika pa mpando wa kutsogolo kwake ndi masentimita pafupifupi 80, ku premium economy ndi pafupifupi 97, pomwe ku business mipando yambiri yamakono imatambasuka n'kukhala bedi lotalika pafupifupi mamita awiri. British Airways ndiyo inayambitsa mabedi otere ku business class mu 2000. Ndege zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka ku Addis Ababa ndi ku Johannesburg usiku n'kukatera m'mawa, ndipo munthu woyembekezeka kuyankhula pa msonkhano tsiku lomwelo amakhala akugula tulo. Vinyo ndi zina zonse n'zongoperekeza.

Ethiopian Airlines, yomwe ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines, imatcha business class yake Cloud Nine, ndipo Kenya Airways imatcha yake Premier World. Kupatula mpando, tikiti ya kutsogolo imabwera ndi mzere wakewake popereka katundu, chipinda chodikirira chokhala ndi chakudya ndi posamba, komanso katundu wochulukirapo. Pa njira zambiri za Ethiopian, wa ku economy amaloledwa zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse, wa ku Cloud Nine ziwiri za makilogalamu 32. Wamalonda wochokera ku Guangzhou amawerengera makilogalamu 18 owonjezerawo asanaganize n'komwe za bedi.

Funso loyamba kwa woyenda pa ntchito ndi lakuti malamulo a ofesi yake akuti chiyani, chifukwa ena amayenera mpando wa kutsogolo koma sadziwa. Mabungwe akuluakulu amawerenga maola. Malamulo amene United Nations inakhazikitsa mu 2013 amalola wogwira ntchito wake kukwera business class ngati ulendo wa ndege imodzi ukufika maola 9, kapena ngati ulendo wosintha ndege ukufika maola 11, kuphatikizapo maola osaposa awiri odikirira panjira. Ulendo wochoka ku Chileka kudzera ku Addis Ababa kupita ku Geneva umapyola malirewo, koma wopita ku Nairobi sufikako. Malamulo omwewo amasiya kumbuyo opita kukaphunzira ndi akatswiri olembedwa kwa kanthawi. Boma la America limalola ogwira ntchito ake kupempha business class ulendo ukaposa maola 14. Mabungwe ang'onoang'ono, mipingo ndi masukulu ambiri amangoti economy kwa aliyense, ndipo amene amathandizidwa ndi ndalama za maiko akunja amatsatira zomwe wopereka ndalamayo walemba mu mgwirizano. Ku boma la Malawi nkhani ya maulendo akunja imadzuka nthawi iliyonse chuma chikathina. Mu November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, Purezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mpaka kumapeto kwa chaka cha chuma chimenecho.

Ofesi ikakana, njira yowongoka ndi kulipira wekha kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Ndi njira yotsimikizika koma yodula koposa, pakuti tikiti ya business imawirikiza ya economy katatu, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo mitengo ya maulendo akunja imawerengedwa m'madola.

Yotsikirapo mtengo ndi yopikisana. Kukatsala masiku ochepa kuti ndege inyamuke, kampani imaona mipando ya kutsogolo yomwe sinagulidwe n'kutumiza uthenga kwa okwera ena kuti atchule ndalama yomwe angapereke. Munthu amasankha ndalama pakati pa malire awiri omwe kampani yaika, amalemba nambala ya khadi yake ya kubanki, kenako amadikira. Yankho limabwera kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndalama imachotsedwa pokhapokha ngati pempho lavomerezedwa. Mpikisanowu umakhala wa gawo limodzi la ulendo palokha, zomwe zimapatsa munthu mwayi wosiya gawo la Blantyre n'kuika ndalama yonse pa gawo la usiku. Oyenda pa ntchito ambiri uthengawu suwafika. Kampani yogulitsa matikiti imene ofesi imagwiritsa ntchito kawirikawiri imalemba imelo yake m'malo mwa ya woyendayo, choncho uthenga umakathera kumeneko. Mankhwala ake n'kutenga nambala ya ulendo, ya zilembo ndi manambala 6 yomwe imalembedwa pa tikiti, n'kuilowetsa pa tsamba la intaneti la kampani ya ndege pamodzi ndi dzina la bambo. Matikiti ogulidwa pagulu, komanso amene kampani ina yagulitsa koma ndege yoyenda ndi ya kampani ina, nthawi zambiri saloledwa kupikisana. Komanso si makampani onse amene amawonjezera makilogalamu a katundu kwa wopambana, choncho mawu ang'onoang'ono a pansi pa uthenga ndi ofunika kuwawerenga. Vuto lina ndi la kuno kwathu: ndalama zakunja zikusowa, makhadi a mabanki a m'Malawi ali ndi malire pa zogula zakunja, ndipo khadi ikakana panthawi yochotsa ndalama, mpando umapita kwa wina. Mipando ikatsalabe, ena amaigulitsa pa kauntala tsiku la ulendo, ndipo kufunsa mtengo sikulipitsidwa.

Njira ina ndi ya mamailosi. Makampani a ndege amalembera wokwera aliyense wolembetsa mapointi, otchedwa mamailosi, molingana ndi mtunda komanso mtundu wa tikiti: Ethiopian ili ndi ShebaMiles, Kenya Airways ili ndi Asante Rewards, South African Airways ili ndi Voyager. Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo mapointi amalowa m'dzina la wokwera ngakhale tikiti yagulidwa ndi ofesi, kupatula ngati ofesiyo ili ndi lamulo lina. Chobisika chili pa chilembo chimodzi chomwe chimalembedwa pa tikiti. Anthu awiri okhala moyandikana ku economy angakhale atalipira mitengo yosiyana kwambiri, ndipo chilembocho ndicho chimaonetsa. Y ndi B ndi matikiti odula, omwe amabweretsa mapointi ambiri ndipo savuta kuwakweza. Zilembo za matikiti otchipitsitsa, omwe maofesi amakonda kugula, zimabweretsa mapointi ochepa, ndipo zina sizilola upgrade ya mamailosi ngakhale pang'ono. Amene amayenda kamodzi pa zaka ziwiri asayembekezere zambiri pamenepa. Amene amayenda pafupipafupi amapindula akamamatira kampani imodzi kapena mgwirizano umodzi. Ethiopian ndi South African Airways zili mu Star Alliance, Kenya Airways ili mu SkyTeam. Wofika pa mulingo wa Gold mu ShebaMiles amalowa m'zipinda zodikirira ndi kunyamula katundu wowonjezera ngakhale akukhala kumbuyo.

Upgrade yaulere iliko, koma ndi yosowa. Imachitika kampani ikagulitsa matikiti a economy ochuluka kuposa mipando, poyembekezera kuti ena sabwera, kenako onse n'kubwera. Pamenepo anthu ena amasamutsidwira kutsogolo, ndipo mndandanda wake umapangidwa ndi kompyuta, kuyambira pa mamembala a mulingo wapamwamba ndi olipira matikiti odula. Mphekesera yakuti wovala suti ndi tayi amasankhidwa yatulutsa thukuta anthu ambiri pachabe.

Pa za thanzi pali mfundo ziwiri. Mpweya wa m'ndege umakhala wopepuka ngati wa pamtunda wa mamita 1,800 mpaka 2,400. M'ndege za 787 ndi A350 umakhala cha pa 1,800, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi pansonga pa phiri la Chiradzulu, ndipo mpweyawo ndi umodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Chachiwiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Lipoti la World Health Organization la mu 2007 linapeza kuti chiopsezochi chimawirikiza kawiri munthu akakhala pansi pa ulendo wa maola anayi kapena kuposa, ngakhale chimakhalabe chochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 6,000. Choyambitsa ndi kusasuntha miyendo, ndipo wa ku business amene wakhala duu ulendo wonse sapulumuka chifukwa cha tikiti yake. Mpando wa m'mbali mwa kanjira, kudzuka n'kuyenda pang'ono ndi kumwa madzi zimathandiza kulikonse komwe munthu wakhala. Amene ali ndi vuto la msana kapena wachitidwa opaleshoni angapereke kalata ya dokotala ku ofesi, chifukwa malamulo ambiri okhwima amasiya mpata pa zifukwa za matenda.

Mpando wa kutsogolo ukakanika, pali zotsika mtengo zomwe zimapepusa ulendo. Mipando ya pa khomo lotulukira pangozi ili ndi malo otambasulira miyendo, ndipo imaperekedwa kwa akuluakulu amphamvu zawo amene angamve malangizo a ogwira ntchito m'ndege. Ethiopian imapereka hotelo ku Addis Ababa kwa odikira ndege ina pakati pa maola 8 ndi 24 ngati panalibe ndege ina yofulumirapo. Kupempha ofesi kuti munthu afike tsiku limodzi msonkhano usanayambe kumadya ndalama ya chipinda chogona ndi alawansi ya tsiku limodzi, zomwe sizifika n'komwe pa mtengo wa business class.

Mapepala a ulendo amafuna kusamala. Pobwera, maofesi ambiri amafuna chikalata chokwerera ndege ngati umboni wakuti munthu anayendadi. Chikalatacho chikaonetsa business class pomwe bajeti inati economy, owerengetsera ndalama amafunsa, nthawi zina patapita chaka. Wolipira yekha asunge lisiti ndi kudziwitsa ofesi polemba asananyamuke. Choopsa kwambiri ndi upgrade yolipiridwa ndi kampani yomwe ikufuna kontirakiti ku ofesi ya woyendayo. Kwa wogwira ntchito m'boma, mphatso yotere ingathe kuonedwa ngati chiphuphu pansi pa lamulo la Corrupt Practices Act la mu 1995, lomwe limayendetsedwa ndi Anti-Corruption Bureau.

Zimachitikanso kuti munthu walipira koma mpando osaupeza, makamaka kampani ikasintha ndege n'kubweretsa ina ya mipando yochepa kutsogolo. Ndalama kapena mamailosi a upgrade amayenera kubwezedwa, ngakhale nthawi zambiri munthu amachita kulondola yekha. Pa ndege zonyamuka m'maiko a European Union, lamulo nambala 261 la mu 2004 limagwira kampani iliyonse, ngakhale ya ku Africa: wokwera amene watsitsidwa kuchoka ku chigawo chomwe tikiti yake inagulidwira amabwezeredwa magawo 75 pa 100 a mtengo wa gawo limenelo la ulendo ngati mtunda waposa makilomita 3,500, ndipo ndalamayo iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 7. Podandaula pamafunika tikiti yoyamba, lisiti ndi chikalata chokwerera ndege choonetsa mpando umene munthu anakhalapo.