MADZI A M'DAMU AKASANDUKA OBIRIWIRA

Chilala cha 2024 chidatsitsa madzi m'madamu ambiri, ndipo pa 29 February chaka chimenecho boma lidalengeza kuti Zambia ili pa tsoka. Ife a ku Kabwe tili ndi damu lalikulu la Mulungushi, limene lidatsegulidwa mu 1925 kuti lizipereka magetsi ku mgodi wa Broken Hill. Tilinso ndi timadamu ta m'midzi ndi m'mafamu kumene timamwetsa ng'ombe ndi kutunga madzi a kudimba. Madzi akachepa, nthawi zina amasanduka obiriwira. Tiyeni tidziwe chifukwa chake.

NDERE NDI CHIYANI?

M'damu lililonse muli tizomera ting'onoting'ono toyandama, tosaoneka ndi maso. Akatswiri amati phytoplankton, ife tingoti ndere. Tizilombo ta m'madzi timadya ndere, ndipo nsomba zimadya tizilomboto. Popanda ndere, m'damu simungakhale nsomba. Koma ndere zili mitundumitundu, ndipo mtundu umene akatswiri amati cyanobacteria umatha kutulutsa poizoni woononga chiwindi.

ZINTHU ZINAYI ZIMENE ZIMALAMULA NDERE

1. Chakudya. Ndere zimakula ndi nayitrojeni ndi fosiforasi, chimodzimodzi chimanga. Feteleza wokokoloka m'minda, ndowe ndi zonyansa za m'zimbudzi zikalowa m'damu, ndere zimachuluka msanga.

2. Kutentha. Ndere zapoizoni zimakonda madzi ofunda, monga a mu Okutobala ndi Novembala.

3. Bata. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mphepo imatakasa madzi a pamwamba ndi a pansi, ndipo ndere zabwino zimapeza mpata. Pakakhala bata, zapoizoni zimayandama pamwamba n'kutchingira zinzake dzuwa.

4. Kuwala. Nthawi ya dzinja madzi amatope amatchinga dzuwa ndipo ndere zimachepa. Matope akadikha, chakudya chimene adabweretsa chimatsala m'madzi.

Chilala chimasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Madzi ochepa amatentha msanga. Chakudya chimakhala chambiri pa madzi ochepa, ngati mchere m'ndiwo zimene msuzi waphwa. Ziweto za midzi yambiri zimadzamwa pa damu limodzi ndi kusiya ndowe. Kenaka mvula yoyamba imakokololera zonse m'madzi.

KUOPSA KWAKE

Mu 2020 njovu zoposa 300 zidafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko lidati chidazipha ndi poizoni wa ndere. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zidafa zitamwa madzi a nyanja ya Chivero pafupi ndi Harare. Ngati njovu ikufa, nanga mbuzi kapena mwana? Nsombanso zimafa, makamaka mbandakucha, chifukwa usiku ndere zochuluka zimatha mpweya wa m'madzi.

TICHITE CHIYANI?

* Tikaona madzi okhala ngati athiridwa penti wobiriwira, a thovu ndi onunkha, tisamwe, tisaphikire, ndipo ana asasambemo. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa poizoni ameneyu. Tikatunge pa mjigo kapena pa chitsime chotetezedwa.

* Ziweto ndi agalu asamwe mbali imene mphepo yaunjika ndere. Tiziwatungira madzi abwino m'chomwera, kutali ndi damu.

* Tisadye kapena kugulitsa nsomba zofa zokha.

* Tisalime mpaka m'mphepete mwa madzi. Tisiye udzu, bango ndi mitengo kuti zigwire nthaka ndi feteleza, ndipo tisatenthe tchire lozungulira damu.

* Makola ndi zimbudzi zikhale kutali ndi damu. Pochapa, tizitunga madzi ndi kukachapira kumtunda.

* Chiweto chikadwala, tiuze alangizi a ziweto msanga. Munthu akayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kuyabwa khungu, tipite naye kuchipatala ndipo tinene madzi amene adamwa.

Kutentha ndi mphepo sitingazilamule. Koma zimene zimalowa m'damu zimachokera m'minda, m'makola ndi m'makomo mwathu. Tikambirane ndi amfumu ndi komiti ya damu mvula isanagwe.