Zifukwa zimene kafukufuku wa mankhwala amaimitsidwira nthawi isanakwane

Maboma a Chikwawa ndi Nsanje, amene ali m'chigwa cha Shire, akhala akugwira ntchito limodzi ndi sukulu ya zaudokotala ya ku Blantyre kwa zaka zambiri, chifukwa malungo ndi chibayo n'zofala m'chigwachi, ndiponso odwala amene matenda awo akanika m'zipatala za maboma awiriwa amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachidziwa kuti Gulupu. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1991 ndi dzina la College of Medicine, ndipo kuyambira mu 2021 ili m'yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Ofufuza ake, pamodzi ndi a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, achita ku Chikwawa kafukufuku wa mitundumitundu, makamaka wa malungo a ana ndi amayi oyembekezera. Komatu kafukufuku wina amaimitsidwa nthawi imene anakonza isanakwane, ndipo m'pofunika kuti amene amapemphedwa kutenga nawo mbali adziwe chimene chimachititsa zimenezi.

Kafukufuku woyesa mankhwala amagawa odwala m'magulu awiri mwa maere, kuti gulu limodzi lilandire mankhwala oyesedwawo pamene linalo likulandira chithandizo cha masiku onse, kapena chinthu chofanana ndi mankhwalawo m'maonekedwe koma chopanda mphamvu yochiza. Kawirikawiri wodwala ngakhalenso dokotala sadziwa gulu limene munthu wagweramo, kuti chiyembekezo chawo chisapotoze zotsatira. Popeza ofufuzawo sakuona mmene magulu akusiyanirana, pamakhazikitsidwa komiti ya akatswiri oima paokha, imene imaloledwa kuona ziwerengero zobisikazo pa nthawi zoikika, monga mmene wophika amalawira ndiwo zikadali pamoto. Komitiyi ikhoza kulangiza kuti kafukufuku aime ngati mankhwala akuvulaza anthu, ngati phindu lake laoneka poyera moti kumana gulu linalo kungakhale kulakwa, kapena ngati zaoneka kuti kupitiriza sikungasonyeze phindu lililonse.

Chitsanzo chomveka cha chifukwa choyamba chinachitika pa Gulupu pomwepo pakati pa 2006 ndi 2008, pamene ofufuza anayesa glycerol pa akuluakulu odwala matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya. Glycerol ndi madzi otsekemera, onanda ndiponso otsika mtengo, amene ankaganiziridwa kuti amachepetsa kutupa kwa ubongo, ndipo kafukufuku wa ana ku Latin America anasonyeza kuti angachepetse kulumala kumene matendawa amasiya. Ku Blantyre odwala onse ankabayidwa mankhwala opha mabakiteriya monga mwa nthawi zonse, kenaka ena ankamwetsedwa glycerol kwa masiku anayi pamene ena ankamwetsedwa madzi a shuga. Komiti itaona ziwerengero inalangiza kuti ntchitoyo iime, odwala 265 atalembedwa kale, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2011 zinasonyeza kuti pofika tsiku la 40 anthu 63 mwa 100 alionse a gulu la glycerol anali atamwalira, pamene m'gulu linalo anamwalira 49 mwa 100. Madokotala a m'wodi sakanatha kuzindikira kusiyana kumeneku ndi maso, chifukwa matendawa ankapha kale pafupifupi theka la odwala, amene ambiri mwa iwo anali ndi kachilombo ka HIV. Pakadapanda kafukufukuyo, mankhwala otsika mtengowa akadatha kufalikira m'zipatala za m'maboma, Chikwawa ndi Nsanje omwe, aliyense akuyesa kuti akuthandiza.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika pa chipatala cha boma cha Salima, pamene chipangizo chothandiza ana odwala chibayo chachikulu kupuma, chimene chimakankhira mpweya m'mphuno mosalekeza, chinayerekezedwa ndi mpweya wa okosijeni woperekedwa mwa nthawi zonse. Kafukufukuyo anaima mu 2018 atalemba ana 644, ndipo imfa zinali 17 mwa 100 pa chipangizocho ndi 11 mwa 100 pa njira yakale, zimene zinaphunzitsa kuti chipangizo chimene chimathandiza kumene kuli madokotala ndi anamwino okwanira chikhoza kuvulaza m'wodi imene ilibe dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chachiwiri, chimene ndi phindu looneka msanga, chinaonekera mu kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene anachitika m'maiko asanu ndi anayi ndipo Blantyre ndi Lilongwe anali ena mwa malo ake. Mabanja 1,763, amene mmodzi anali ndi HIV pamene mnzake analibe, anagawidwa kuti ena ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndipo ena adikire mpaka chitetezo cha m'thupi chitatsika. Ntchitoyo inayenera kufika 2015, koma mu 2011 komiti inapeza kuti mwa anthu 28 amene anatengera kachilombo kwa mnzawo wa m'banja, 27 anali m'gulu lodikira, choncho zotsatira zinalengezedwa pomwepo ndipo onse anapatsidwa mwayi woyamba mankhwala, ngakhale kuti ofufuza anapitiriza kuwatsatira. Ku Lusaka, kafukufuku wa cotrimoxazole, amene ambiri amamutcha Bactrim, pa ana okhala ndi HIV anaimitsidwa mu 2003 pa chifukwa chomwechi, ndipo zotsatira zake zinathandiza kuti mankhwalawa aziperekedwa kwa ana otere m'maiko ambiri.

Kuimitsa msanga kuli ndi zovuta zakenso, pakuti odwala akakhala ochepa, kusiyana kwa magulu kumatha kukula kapena kuchepa mwangozi chabe, ndipo mankhwala akhoza kutamandidwa kapena kunyozedwa mopitirira muyeso. N'chifukwa chake malamulo oimitsira amalembedwa ntchito isanayambe, ndipo umboni wofunika kuti kafukufuku aime pakati umakhala wokhwima kuposa wa pamapeto. Kafukufuku wa mbaula zochepetsa utsi, amene anachitika m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi Karonga pa ana 10,750 osakwana zaka zisanu, anayenda mpaka kumapeto, ndipo zotsatira zake zimene zinatuluka kumapeto kwa 2016 zinasonyeza kuti mbaulazo sizinachepetse chibayo. Yankho lokhumudwitsali linakhulupirika chifukwa ana anali ochuluka ndipo anatsatiridwa kwa nthawi yokwanira.

Palinso kuima kumene sikuchokera ku umboni, ndipo kumeneku ndiko kumapweteka kwambiri. Mliri wa Covid-19 unaimitsa ntchito zambiri za kafukufuku mu 2020, lamulo la boma la America loimitsa thandizo la kunja mu Januwale 2025 linadula ntchito zina mwadzidzidzi m'maiko osiyanasiyana, ndipo m'chigwa cha Shire madzi osefukira, monga a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, amadula misewu ndi kusamutsira mabanja m'misasa, kumene kuwatsatira kumavuta. Kafukufuku akaima motere, anthu amene anapereka magazi awo, nthawi yawo ndi maulendo a panjinga opita kuchipatala amatsala opanda yankho, ndipo chiopsezo chimene anavomera kusenza chimapita pachabe.

Kaya chifukwa chikhale chotani, amene anasaina kapena kudinda chala pa chikalata cha chilolezo ali ndi ufulu wouzidwa chimene chachitika, wopimidwa ngati mankhwalawo awasiyira vuto, ndiponso wopitiriza kulandira chithandizo cha matenda awo. Komiti yoona za ufulu wa otenga mbali ya sukulu ya zaudokotala ija, komiti ya dziko lonse ya NHSRC ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndiwo amavomereza kafukufuku wotere, ndipo amayenera kudziwitsidwa akaima. Koma kalata yopita ku maofesiwa siifika kumudzi, ndipo kumene magalimoto a ofufuza angosiya kubwera popanda mawu, mphekesera zimamera msanga, monga zinachitikira ndi nkhani za anamapopa zimene zinavuta maboma a kumwera mu 2017. Choncho ofufuza ayenera kubwerera kwa mafumu, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'midzi amene anawalandira poyamba, n'kufotokoza m'Chimang'anja kapena m'Chisena chimene komiti ya akatswiri oima paokha inaona ndi chimene chidzachitikire otenga mbali. Mudzi umene wauzidwa zoona za kafukufuku amene waima umatha kulingalira bwino pamene ofufuza ena abwera kudzapempha chilolezo cha kafukufuku watsopano.