Kujambula chothamanga ku Petauke ndi Nyimba: kamera imatsata, koma imafuna mwini

Ambiri amene amandiitana kukajambula ku Petauke ndi ku Nyimba amafuna zithunzi za anthu oima chilili: akwati pakhomo la tchalitchi, ana atavala yunifolomu, agogo atakhala pampando. Zimenezo ngakhale foni imazitha. Luso la wojambula limaonekera pa chinthu chothamanga, monga mnyamata akudumphira mpira pabwalo la sukulu, kapena mayi wogulitsa nthochi pa Nyimba akuthamangira basi yochokera ku Lusaka beseni lili pamutu. Chithunzi chotere chikatuluka chachimbuuzi ndiye kuti chapita, chifukwa simungamuuze munthu kuti adumphenso.

Chimene ife ojambula timachitcha fokasi ndi kusuntha kwa magalasi a m'kati mwa lenzi kuti chinthu chomwe chili pamtunda wakutiwakuti chioneke bwinobwino. Munthu akamathamanga kubwera kumene muli, mtundawo umasintha phazi lililonse, choncho magalasiwo ayenera kusunthira naye limodzi. Makamera akuluakulu amene tinazolowera, a DSLR, ali ndi kalilole m'kati mwake. Kaliloleyo amatumiza kuwala kudiso lanu komanso kukachipangizo kena koyeza mtunda, ndipo timalo toyezerato timaunjikana chapakati pa chithunzi. Mukadina batani, kalilole amatukuka kuti kuwala kudutse. Pakamphindi kameneko inu simuona kanthu, choyezera mtunda nachonso sichiona kanthu.

Kamera ya mirrorless ilibe kalilole ameneyu. Yoyamba inali Panasonic Lumix G1 ya mu 2008, ndipo zoyambirirazo zinkachedwa, fokasi inkapita kutsogolo n'kubwerera isanapeze munthu. Zinthu zinasintha opanga ataika timalo toyeza mtunda pa sensa penipeni, pamene chithunzi chimagwera. Sony a9 ya mu 2017 inabwera ndi timalo 693 tomwazika pafupifupi pachithunzi chonse, inkayeza mtunda mpaka ka 60 pa sekondi imodzi, n'kumajambula zithunzi 20 pa sekondi diso la wojambula osachita mdima. Mu 2018 Canon inatulutsa EOS R, Nikon inatulutsa Z6 ndi Z7. Pofika 2020, Canon EOS R5 inkatha kuzindikira diso la munthu, la galu, la mphaka ngakhalenso la mbalame.

Kamalo kalikonse kamayerekeza kuwala kolowera mbali imodzi ya lenzi ndi kolowera mbali inayo. Kusiyana kwa kuwiriku n'kumene kumauza kamera kuti magalasi asunthire kuti, komanso motalika bwanji. Kenaka kakompyuta ka m'kati kamawerengera liwiro la wothamangayo n'kulozeratu pamene adzakhale shata, kachitseko kolowetsa kuwala pa sensa, ikamatseguka, monga momwe mnyamata wa legeni amalozera kutsogolo kwa njiwa imene ikuuluka.

Koma kamera sichita zimenezi yokha musanaiuze. Pa Sony ndi Nikon sankhani AF-C, pa Canon sankhani Servo. Mukaisiya pa AF-S kapena One Shot, imagwira mtunda kamodzi n'kuima pomwepo, wosewerayo n'kudutsa. Achinyamata ambiri amene amandionetsa zithunzi zawo za mpira amanena kuti fokasi yawagwiritsa mwala, pamene vuto ndi shata yochedwa. Pampira ine shata sindiitsitsa pansi pa 1/1000 ya sekondi. Dzuwa likapendeka ndimakweza ISO kuti sensa igwire kuwala kochepako, pakuti chithunzi chokhala ndi timadontho anthu amachilandira, koma cha miyendo yosungunuka amachikana.

Pamene kamera yamakono imayesedwadi ndi pamiyambo. Mu Okutobala Ansenga amasonkhana ku Petauke pamwambo wa Tuwimba pansi pa Mfumu Yaikulu Kalindawalo. Nthawi imeneyo nthaka imakhala itauma gwaa, ndipo amayi akayamba kuvina fumbi limakwera kufika m'chiuno. Kumbuyo kwa ovinawo kumakhala khwimbi la anthu, aliyense nkhope yake italoza kwa inu. Kamera yosiyidwa kuti isankhe yokha imakonda nkhope imene ikuoneka bwino, ndiye imasiya wovina amene watembenuka n'kukakamira mwana amene waima duu kumbuyoko. Ine ndimasankha kabokosi kakang'ono kotsata chinthu, ndimakaika pa wovina amene ndikumufuna, ndipo chala sichichoka pabatani mpaka nyimbo itatha. Wina akadutsa pakati pathu, pali malo m'kamera pomwe mumaiuza kuti isafulumire kusiya chomwe yagwira. Pamwambo ndimaikapo kuti ikakamire.

Gule Wamkulu ndiye amavuta koposa, kaya ndi m'midzi ya Achewa chakuno kapena pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti. Makina ozindikira maso aja anaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za nkhope za anthu, ziweto ndi mbalame. Chilombo cha nthenga kumutu, chopalasa fumbi ndi kuzungulira mwaliwiro, sachidziwa. Nthawi zina amachigwira, nthawi zina amathawira kwa amayi oimba. Pamenepa ndimazimitsa kufunafuna maso, n'kuika kabokosi pachifuwa, pamene pali nsalu ya mtundu woonekera. Kenaka ndimatchera khutu ku ng'oma. Amene anakulira pabwalo amadziwa pamene ng'oma ikusintha kuti chilombo chatsala pang'ono kudumpha kapena kuima mwadzidzidzi, ndipo amakhala atakonzeka kale. Kamera ilibe makutu.

Ndinene pano chinthu chimene chimandipweteka mumtima. Masiku ano pamiyambo pamadzaza ojambula olowa pakati pa bwalo, kutchinga mafumu ndi akuluakulu, ati kufuna chithunzi chabwino. Gule sajambulidwa popanda kupempha kwa eni bwalo, ndipo pamene akulozerani kuti muime ndi pomwepo. Ubwino wa kamera yotsata chinthu ndi womwewu: ndi lenzi yaitali mutha kuima kutali mwaulemu, chithunzi n'kutuluka chakuthwa.

Pali zina zimene kamera iliyonse imagonja nazo. Masana a Okutobala, makamaka kutsikira kuchigwa cha Luangwa, mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa tala, ndipo chinthu chakutali chimaoneka chopindikapindika ngakhale fokasi ili bwino. Mankhwala ake ndi kuyandikira kapena kujambula m'mawa. Fumbi nalonso ndi mdani: pa mirrorless zambiri, mukachotsa lenzi sensa imakhala pamtetete, choncho lenzi isinthireni m'galimoto kapena m'nyumba. Batire imatha msanga chifukwa ngakhale poonera pake ndi kasikirini koyaka. Amene tinadutsa m'kuzimazima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinaphunzira kuyenda ndi mabatire apadera ochajiratu.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akufuna kuyamba ntchitoyi, ndikuti musalowe ngongole chifukwa cha kamera ya mtengo wa ng'ombe zingapo. Sony a6400 ya mu 2019, yokhala ndi timalo 425 ndipo yotha kutsata munthu ndi diso lake, ndi yokwanira mpira, ukwati ndi mwambo, ngakhale mutaigula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndalama yotsala iikeni pa lenzi yosuntha msanga, chifukwa lenzi yaulesi imachedwetsa kamera yabwino. Pogula, muuzeni wogulitsa ayende kubwera kwa inu mukujambula motsatizana, muone kuti ndi zingati zatuluka zakuthwa. Mukatero pitani m'mbali mwa msewu wa Great East, muyeserere pa njinga zakapalasa ndi zamoto zimene zikubwera, mpaka chala chizolowere. Musadikire tsiku la Tuwimba kuti mukaphunzirire pamenepo.