Zofunika kudziwa pogula kapena kugulitsa nyumba pa gombe la Chintheche

NKHATA BAY - Gombe la Chintheche, lomwe lili mumsewu wa M5 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa Nkhata Bay Boma, ndi limodzi mwa madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi omwe anthu amalimbirana malo. Ena amafuna pomanga malo ogona alendo, pomwe ogwira ntchito m'boma ambiri amafuna nyumba yodzakhalamo akapuma pa ntchito. Vuto n'lakuti kupereka ndalama pamaso pa mboni sikupangitsa munthu kukhala mwini nyumba pamaso pa lamulo. Chomwe chimalamula malonda onse ndi mtundu wa malo pomwe nyumbayo yamangidwa.

Kodi nyumbayo ili pa malo otani?

Ili ndiye funso loyamba. Malo m'dziko muno amakhala a boma, a makolo omwe amayang'aniridwa ndi mafumu, kapena a munthu payekha, monga malo a lizi. Ku Chintheche mitundu yonseyi imapezeka moyandikana. M'zaka za m'ma 1970 boma lidakonza zomanga fakitale ya mapepala m'derali pogwiritsa ntchito mitengo ya ku Chikangawa ndipo lidatenga malo ena kaamba ka ntchitoyi, koma fakitaleyo sidamangidwe. Choncho wogula sayenera kungokhulupirira kuti malo alionse opanda mpanda ndi a m'mudzi. Ofesi ya za malo ku khonsolo ya Nkhata Bay komanso ofesi ya mkulu woona za malo m'chigawo cha kumpoto ku Mzuzu ndiwo angamuuze zoona zake.

Kodi kalata ya mfumu ndi yokwanira?

Ogula ambiri amasunga kalata yodindidwa ndi nyakwawa kapena gulupu ngati chiphaso cha umwini. Kalatayi ndi umboni wakuti mfumu idadziwa za nkhaniyo, koma si chiphaso. Pansi pa lamulo la malo la 1965, mafumu adali ndi mphamvu yogawa malo a makolo kuti anthu agwiritse ntchito, osati kugulitsa, ndipo makhoti akhala akugamula kuti malo otere sagulitsidwa. Munthu wogula nyumba pa malo a makolo amakhala atalipira makoma ndi denga, koma nthaka isali yake.

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidatsegula njira yakuti munthu kapena banja lilembetse malo ake. Ntchitoyi imadzera ku komiti ya malo ya m'dera la gulupu, yomwe wapampando wake ndi gulupuyo ndipo ili ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osachepera atatu amayi. Malo olembetsedwa motere ali ndi ziletso pa kagulitsidwe kake, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya za malo ndalama isanatuluke.

Nanga ngati nyumba ili pa malo a lizi?

Apa wogula ayambe wafufuza m'kaundula wa Unduna wa za Malo, iye mwini kapena kudzera mwa loya. Kafukufukuyu amaonetsa dzina la mwini weniweni, zaka zomwe zatsala kuti lizi ithe, komanso ngati nyumbayo idaperekedwa ngati chikole cha ngongole ku banki. Wogula aonenso ngati wogulitsa wakhala akulipira lendi ya malo ku boma, ndiponso ngati malire omwe akumulozera akufanana ndi mapu a akatswiri oyeza malo. M'mbali mwa nyanja mipanda imasuntha kawirikawiri, ndipo mtengo wa mango sungakhale malire odalirika.

Wogulitsa naye ali ndi udindo wake. Malo a lizi ya boma sasinthidwa umwini popanda chilolezo cha unduna. Pamafunikanso chiphaso cha bungwe lotolera misonkho la MRA chosonyeza kuti nkhani za msonkho zili bwino, komanso kulipira msonkho wa sitampa pa chikalata chosinthira umwini. Malonda amatha pokhapokha dzina la wogula likalowa m'kaundula. N'chifukwa chake maloya amalangiza kuti mgwirizano ulembedwe, wogula apereke gawo chabe la ndalama poyamba, ndipo zotsala amalize zikalata zonse zikakonzeka.

Kodi amene akugulitsayo ali ndi mphamvu yogulitsa?

Mikangano yambiri imabuka pa nyumba za masiye. Mwini nyumba akamwalira, mwana wamkulu, mchimwene kapena malume sangagulitse nyumbayo mwa iye yekha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati woyendetsa chumacho akhale ndi chilolezo chochokera ku khoti, ndipo ngati womwalirayo sadasiye wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Lamuloli limanenanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wogula yemwe sadaone chilolezo cha khoti akhoza kutaya nyumba pamodzi ndi ndalama zake.

Chimodzimodzinso nyumba ya banja. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa amayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe adali naye limodzi ndi amuna awo ukwati ukatha. Wogula wanzeru amaonetsetsa kuti mkazi ndi mwamuna onse asayina mgwirizano.

Kodi mzika ya dziko lina ingagule?

Popeza Chintheche ndi dera lokopa alendo, funsoli limabwera kawirikawiri. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2004 kudakhazikitsa kuti lizi ya munthu yemwe si mzika isapitirire zaka 50, pomwe Amalawi kawirikawiri amapatsidwa ya zaka 99. Kudalamulanso kuti wofuna kugulitsa malo kwa mlendo ayambe walengeza m'nyuzipepala masiku osachepera 21 asanagulitse kuti Amalawi akhale ndi mwayi woyamba. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsanso malamulowa. Mchitidwe wogula m'dzina la Mmalawi pofuna kuzemba lamulo umaika onse awiri pa chiopsezo.

Kodi nyumba ingayandikire bwanji ku nyanja?

Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi adakwera kwambiri ndipo adalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwa nyanjayi. Bungwe la National Water Resources Authority, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la madzi la 2013, lidakumbutsa anthu kuti sayenera kumanga pansi pa mulingo wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Wogula afunse woyeza malo ngati nyumbayo ili pamwamba pa mulingowu, komanso aone ngati pulani yake idavomerezedwa ndi akuluakulu oona za mapulani. Aonenso ngati mpanda sudatseke njira yomwe asodzi ndi amayi otunga madzi akhala akudzera popita ku gombe, chifukwa nkhani zotere zimadanitsa wogula ndi mudzi wonse.

Mkangano ukabuka, kopita n'kuti?

Pa malo a makolo, lamulo la 2016 lidakhazikitsa bwalo loweruza milandu ya malo lomwe wapampando wake ndi mfumu yaikulu ya deralo. Wosakhutira amakachita apilo ku bwalo la m'boma lonse, kenako ku bwalo lalikulu la malo. Milandu yokhudza umwini wa malo a lizi imapita ku khoti lalikulu, lomwe m'chigawo cha kumpoto lili ku Mzuzu. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku bungwe la Legal Aid Bureau.

Ogwira ntchito m'boma omwe amafunsidwa kukhala mboni kapena kudinda makalata a malonda otere akumbukire kuti chidindo cha ofesi yosakhudzidwa ndi za malo sichisintha umwini. Thandizo lenileni lomwe angapereke ndi kulozera wogula ndi wogulitsa ku ofesi ya za malo asanapatsane ndalama.