Kutupa kwa maso a nsomba: zimene oweta nsomba ku Kabwe ayenela kudziwa

KABWE – Pamene nyengo yotentha ya October ndi November ifika, alimi oweta nsomba za tilapia m'maiwe ozungulila mzinda wa Kabwe, pamodzi ndi anthu osunga nsomba zokongoletsa nyumba m'mathanki a galasi, amaonapo nsomba zimene diso lake latuluka kunja ngati lifuna kuphulika. Ambili amathamangila kukagula mankhwala. Koma kutupa kwa diso si matenda pakokha. Ndi cizindikilo cabe cakuti madzi kapena mpweya waunjikana kumbuyo kwa diso, ndipo zimene zimacititsa n'zosiyanasiyana.

Coyamba ndico kuona ngati latupa ndi diso limodzi kapena onse awili. Diso limodzi kawilikawili limatanthauza kuvulala: nsomba inakhulidwa ndi ukonde poigwila, inagunda mwala, kapena inalumidwa ndi inzake, pakuti tilapia zamphongo zimamenyana kwambili polimbilana malo oswelana. Nsomba yotele imapitiliza kudya ndi kusambila bwino, ndipo m'madzi aukhondo imacila yokha m'milungu yocepa.

Maso onse awili akatupa, makamaka pa nsomba zingapo nthawi imodzi, vuto lili m'kati mwa thupi kapena m'madzi. Apa m'pamene pali ngozi ya kutaya dziwe lonse.

Mabakiteliya a mtundu wa Streptococcus ndi Lactococcus ndiwo oopsa koposa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020, amene munali akatswili a pa University of Zambia, anapeza tizilombo ta mtunduwu m'nsomba zodwala zowetedwa m'makeji pa nyanja ya Kariba. Kariba ndi kutali ndi Kabwe, koma tiana ta nsomba timagulidwa ndi kunyamulidwa kucoka m'cigawo cina kupita m'cina, ndipo matenda amayenda nato. Nsomba yodwala motele imasiya kudya, khungu limada, diso limacita mtambo woyela, ndipo imasambila mozungulilazungulila ngati yaledzela. Tizilomboti timaculuka madzi akatentha kufika madigili 30 kapena kuposa, makamaka m'dziwe limene nsomba zathithikana ndipo zakudya zotsala zikuwolela pansi.

Pali cinthu cina cimene cimaiwalika, ngakhale kuti ku Kabwe madzi ambili amacokela pansi pa nthaka. Madzi otuluka m'borehole, kapena opopedwa ndi pampu imene paipi yake ili ndi kaboo koyamwa mpweya, amakhala ndi mpweya wosungunuka wopitilila muyezo. Mpweyawo umalowa m'magazi a nsomba n'kupanga tinthovu m'maso, m'zipsepse ndi m'makha. Munthu woyang'anitsitsa amationa tinthovuto ndi maso. Mankhwala alionse sathandiza pano. Cofunika n'cakuti madzi asalowe m'dziwe mwakacetecete kudzela pansi, koma azigwa kucokela pamwamba ndi kumwazika pa miyala kuti mpweyawo utuluke.

Kwa mwini thanki ya galasi ya madzi wamba, njila ndi iyi. Nsomba yodwala iikidwe m'thanki yakeyake. Gawo limodzi mwa magawo anai a madzi lisinthidwe, ndipo madziwo apimidwe kuona ngati muli ammonia, amene amacokela ku ndowe za nsomba. Madzi a pa mpopi ayambe akhala m'cidebe cosavundikila tsiku lathunthu kuti chlorine acoke. Mcele wa Epsom, umene umagulitsidwa m'mafamasi, umathandiza kuphwetsa diso: supuni yaikulu imodzi pa malita 20 a madzi. Mcelewu ndi wosiyana ndi wa m'ndiwo, ndipo supha mabakiteliya.

Mlimi wa dziwe sangapatule nsomba imodziimodzi. Iye acepetse cakudya kapena kuleka kwa masiku angapo, alowetse madzi atsopano, ndipo avuule nsomba zakufa m'mawa uliwonse n'kuzikwilila m'dzenje lakuya, cifukwa zinzake zikazidya matenda amafalikila msanga. Ukonde wa dziwe lodwala usagwilitsidwe nchito m'dziwe lina usanatsukidwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa.

Mankhwala opha mabakiteliya monga oxytetracycline apelekedwe pokhapokha dokotala wa ziweto kapena ofisa wa dipatimenti ya nsomba, pansi pa unduna woona za nsomba ndi ziweto, waona nsombazo. Kuwathila m'dziwe mongoyelekezela n'kutaya ndalama, ndiponso kumapangitsa tizilombo kuzolowela mankhwalawo. Nsomba zopatsidwa mankhwala zisatengedwe ku msika masiku amene dokotala wanena asanakwane. Popita kwa ofisayo, mlimi atenge nsomba yodwala ikali yamoyo m'cidebe ca madzi a m'dziwe lomwelo, pakuti yofa dzulo siionetsanso bwino cimene cinaipha.