Galu Akamanjenjemera ndi Kupuma Wefuwefu

M'mafamu ozungulira Norton, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa Harare, galu ndi mlonda wa nyumba, khola ndi nkhokwe. Choncho mwini wake ayenera kudziwa kusiyanitsa wefuwefu wa masiku onse ndi wefuwefu wa matenda.

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mofulumira. Izi zimaoneka kwambiri m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kapena galu akathamanga. Mantha a mabingu ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi zimamunjenjemeretsanso. Ngati galu wakhala pamthunzi, wamwa madzi, ndipo posakhalitsa wabwerera mwakale, palibe chodetsa nkhawa. Galu wathanzi akagona amapuma maulendo 15 mpaka 30 pa mphindi imodzi, ndipo thupi lake limatentha madigiri 38 mpaka 39.

Koma ngati kunjenjemera ndi wefuwefu sizikutha galu atapumula, mwini wake ayang'ane nkhama, dovu ndi mkodzo.

Kutenthedwa. Nkhama zimafiira kwambiri, galu amadzandira ndipo akhoza kugwa. Amasulidwe pa tcheni, aikidwe pamthunzi ndi kuthiridwa madzi ozizira pamimba ndi m'miyendo. Kutentha kopitirira madigiri 41 kumapha.

Poizoni. Mankhwala ena a dibi ndi ophera tizilombo m'minda ya fodya amachititsa dovu lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kunjenjemera kwa minofu. Mkaka sutha poizoni, ndipo kumwetsa galu wotere mokakamiza kungamutsamwitse. Apite naye msanga kwa dokotala wa ziweto pamodzi ndi botolo kapena pepala la mankhwalawo, kuti dokotala adziwe chothandiza. Womunyamula ateteze manja ake.

Matenda a nkhupakupa. Amachuluka nyengo ya dzinja. Galu amatentha thupi, amakana chakudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, ndipo mkodzo umafiira. Jakisoni amachiza ngati waperekedwa msanga. Kuchedwa masiku ochepa kungataye galu.

Galu woyamwitsa. M'masabata oyamba atabereka, galu wa ana ambiri akhoza kuchepekedwa kashiamu m'magazi. Amanjenjemera, miyendo imauma ndipo amakomoka. Ana achotsedwe ku bere, mayiyo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Chiwewe. Matendawa anakhazikika m'dziko la Zimbabwe kuyambira 1950, ndipo m'mafamu a Mashonaland amafalitsidwanso ndi nkhandwe. Galu akasintha khalidwe, akamaluma chilichonse, kapena nsagwada ikalendewera dovu likutuluka, munthu asapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Atsekeredwe kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo a ofesi ya boma yoona za ziweto adziwitsidwe. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, mankhwala ochiza palibe.

Mavuto ambiriwa amapeweka. Galu akhale ndi mthunzi ndi madzi nthawi zonse, achotsedwe nkhupakupa ndi mankhwala oyenera agalu, ndipo alandire katemera wa chiwewe akakwana miyezi 3 ndi kubwereza monga alangizi a ziweto anenera. Mankhwala aulimi atsekeredwe m'chipinda chawo, ndipo zitini zake zisasanduke mbale za galu.