Kapepala ka atsibweni ndi mafuta a m'magazi

Lamulungu lina misa itatha pa parishi ya Guilleme, atsibweni anga anandikokera pambali, uko anthu amaimikako njinga. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kopindapinda.

"Mphwanga, iwe ndi wa ku labu. Tandiwerengera ichi. Akuti ndili ndi mafuta m'magazi. Ine kuwonda konseku, mafutawo akukhala pati?"

Anali atapita ku Lilongwe kukaona mwana wawo wamkazi, ndipo iye ndi amene anawalipirira kuti ayezedwe. Pakapepalapo panali mizere inayi ya manambala. Wapamwamba unali 6.4, ndipo wina anauzunguliza ndi cholembera chofiira. Chibwerereni kumudzi, atsibweni anali atasiya nsinjiro, mazira ndi mapeyala. Ndiwo zawo zinali masamba owiritsa, ndipo kuti zilowe ankazithira mchere wambiri. Fodya wawo wopichira anali m'thumba lina la jekete lomwelo.

Ntchito yanga ndi yoyeza magazi, ndipo mapepala otere ndimawalemba ndekha. Chimandiwawa n'chakuti pepala limatuluka m'manja mwathu lili loona, koma likafika kunyumba limasanduka chiweruzo, munthu n'kuyamba kulimbana ndi mdani wolakwika. Ndiye lero ndikufuna ndikulowetseni mu labu muone zomwe timachita, ndi zomwe manambala aja angathe kunena.

Ndiyambe ndi funso lomwe anthu ambiri amalifunsa ndi maso okha: magazi athu mukupita nawo kuti? Timatenga ochepa, okwana kasupuni ka tiyi, pa mtsempha wa pakati pa mkono. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, choncho thupi silimva n'komwe kuti china chachoka. Magaziwo timawaika m'kabotolo kolembedwa dzina lanu, n'kuwasiya agwirane kwa theka la ola. Kenako timawazunguza m'makina mpaka ofiira aja atakhazikika pansi, pamwamba n'kutsala madzi achikasu. Madzi amenewa ndi amene timayeza. Tikathira mankhwala ake amasintha mtundu, ndipo makina amawerenga kuchuluka kwa kolesterolo poona mmene mtunduwo wakhwimira. Zotsala zimatayidwa pamodzi ndi zinyalala zina za kuchipatala. Nthawi zina madzi aja amatuluka oyera ngati mkaka wosungunula, ndipo makina asananene chilichonse timadziwa kuti mwina mwini wake wangodya kumene chamafuta, kapena mafuta ena otchedwa triglycerides amuchulukira kwambiri.

Kolesterolo si poizoni. Thupi limamufuna pomanga khungu la timaselo take tonse, popanga ndulu yogayira chakudya, ndiponso popanga mahomoni a amuna ndi akazi. Wambiri amapangidwa ndi thupi lomwe, makamaka chiwindi, ndipo wochokera m'mbale ndi wochepa. Apa ndiye pali yankho la atsibweni. Chiwindi cha munthu wowonda chitha kupanga kolesterolo wambiri kapena kuchedwa kumuchotsa m'magazi, pamene wina wonenepa ali ndi manambala abwino. Mafuta a pamimba timawaona ndi maso, koma a m'magazi saoneka, samveka kuwawa, ndipo sachititsa chizungulire. Palinso mabanja ena, pafupifupi munthu mmodzi mwa 250, omwe vutoli ndi lakumtundu, ndipo amadwala mtima akadali achinyamata ngakhale azidya mosamala.

Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, aliyense wotsuka poto amadziwa. Ndiye kuti kolesterolo ayende m'magazi amakwera ngolo. Ngolo ina, LDL, imamunyamula kuchoka kuchiwindi kupita naye m'thupi monse. Ina, HDL, imatola wotsala n'kumubwezera kuchiwindi. Ngolo za LDL zikachuluka, katundu wina amalowerera m'khoma la mtsempha n'kukhazikika momwemo. Chaka ndi chaka khomalo limakhuthala, njira n'kumachepa, monga ngalande ya m'dimba ikamadzadza matope. Tsiku lina chotupa cha m'khomamo chimang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira mumtsempha wodyetsa mtima, munthu amamva chifuwa ngati chapsinjidwa ndi mwala, thukuta lili kamukamu. Zikachitikira kumutu, ndi sitiroko: pakamwa kupotoka, mkono ndi mwendo kufa, mawu osatuluka. Kwathu kuno zikatero timamva zoti wamenyedwa ndi hamala. Ndimamvetsa chifukwa chake, poti munthu dzulo anali kumunda ali bwinobwino. Koma ngalande ija inayamba kudzadza zaka 20 kapena 30 zapitazo.

Tsopano manambala. Mzere woyamba ndi kolesterolo yense, ndipo timafuna akhale pansi pa 5. LDL akhale pansi pa 3, ndipo kwa munthu amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko madokotala amafuna atsike kwambiri kuposa apo. HDL ndiye timafuna akwere, apitirire 1. Triglycerides asafike 1.7. Malabu ena amagwiritsa ntchito muyeso wina, womwe 5.2 wathu amaoneka ngati 200. Ndinaonapo mayi akulira poyerekeza pepala lake la 190 ndi la mnzake la 5.8, osadziwa kuti lake ndi limene linali labwino. Muziyang'ana timalemba ta kumapeto kwa nambala, mmol/L kapena mg/dL.

Pali chinsinsi china cha mu labu chomwe ambiri sadziwa. M'malabu ambiri LDL sitimuyeza mwachindunji. Timamupeza ndi masamu, potsata njira yomwe William Friedewald ndi anzake anafalitsa mu 1972: timatenga kolesterolo yense, kuchotsapo HDL, kuchotsaponso gawo la triglycerides. Triglycerides ndi amene amakwera munthu akangodya, ndipo akapitirira 4.5 masamuwo sagwiranso. N'chifukwa chake nthawi zina timati mubwere m'mawa musanadye kanthu kwa maola 9 mpaka 12. Madzi akumwa saletsedwa, koma tiyi wa shuga, thobwa ndi phala ndi chakudya. Masiku ano poyeza koyamba madokotala ambiri salamulanso kusala, chifukwa kolesterolo yense ndi HDL sasintha kwenikweni ndi chakudya cha tsiku limodzi. Chofunika n'kutiuza zoona. Ngati mwadya mandasi panjira, nenani, tilemba papepala.

Nanga pepalali limanena kuti mtima uli bwanji? Ayi, silitero. Silimva kugunda kwa mtima, silioona mavavu ake, ndipo silinena ngati mtsempha watsekeka kale. Ana ndi achinyamata ambiri kuno amavutika ndi mtima chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe bwino n'kukaononga mavavu, ndipo zimenezo sizikhudzana ndi kolesterolo. Pepala la mafuta ndi mboni imodzi pabwalo, ndipo mfumu yanzeru siigamula mlandu itangomva mboni imodzi.

Mboni zinazo tinazidziwa bwanji? Mu 1948, m'tauni ya Framingham ku America, akatswiri anayamba kutsatira anthu 5,209, kuwayeza zaka ziwiri zilizonse n'kumaona amene akudwala mtima. Zomwe anapeza ndi zomwe timayendera mpaka lero: msinkhu, kuthamanga kwa magazi, fodya, shuga ndi kolesterolo zimagwirira pamodzi. Mtsikana wa zaka 30 wosasuta, wa BP yabwino, ali ndi 6.4, ndi bambo wa zaka 62 wosuta ali ndi 6.4 yemweyo, sali pangozi yofanana. Bungwe la WHO lili ndi matchati owerengera ngozi ya munthu m'zaka 10 zikubwerazo, ndipo ena mwa matchatiwo safuna labu n'komwe. Amangofuna msinkhu, kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, BP, fodya, sikelo ndi kutalika kwa munthu.

Apa ndilankhule ngati mwana wa kuno, ngakhale ntchito yanga ndi ya magazi. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. A kolesterolo wokwera sanafike mmodzi mwa khumi. Makina oyezera mafuta amapezeka kwambiri m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi m'malabu olipira a m'tauni, ndipo kuchoka ku Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi ndalama ya minibasi yomwe mlimi amaiwerengera kawiri. Koma kuyeza BP ndi mphindi zisanu pachipatala chapafupi, popanda singano. Munthu wa ku Guilleme, Kamwendo kapena Kapiri amene sanayezetsepo chilichonse ayambe ndi BP ndi shuga. Ulendo wa kolesterolo ndi woyenera makamaka kwa amene ali ndi shuga, BP kapena vuto la impso, amene anadwalapo sitiroko kapena mtima, amene bambo, mayi kapena m'bale wawo anagwa ndi mtima asanakalambe, ndi amene apitirira zaka 40 ndipo mpata aupeza. Amene akumwa ma ARV afunsenso kukiliniki kwawo, chifukwa kachilombo ka HIV ndi ena mwa mankhwala ake zimakhudza mafuta a m'magazi. Mankhwalawo asasiye.

Za chakudya ndiye zimandipweteka mtima, chifukwa anthu akumva mawu oti mafuta akutaya zabwino zomwe Mchinji amalima yekha. Mtedza ulibe kolesterolo ngakhale pang'ono. Chomera chilichonse chilibe. Mafuta a mu nsinjiro, soya, mpendadzuwa ndi mapeyala ndi a mtundu wothandiza kutsitsa LDL. Nyemba, khobwe, nandolo, mgaiwa, therere, usipa ndi matemba ndi chakudya chomwe dokotala wa mtima aliyense angachivomereze. Dzira limodzi patsiku si vuto kwa anthu ambiri. Zokweza LDL ndi mafuta ouma akazizira: nyama yonona ya nkhumba ndi ng'ombe, zikopa za nkhuku, soseji, mafuta a palm. Tchipisi cha pachiwaya cha mafuta odera omwe akazingira kuyambira dzana sichikomera mtsempha wa aliyense. Mowa ndi zakumwa za shuga zimakweza triglycerides. Mchere sukhudza kolesterolo, koma umakweza BP, ndipo WHO imati tisapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kosadzadza, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe.

Chakudya chikalephera, kapena ngozi ikakhala yaikulu kale, pali mankhwala otchedwa statin, monga simvastatin ndi atorvastatin. Woyamba wa mtunduwu anaupeza mu chuku katswiri wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970. Amachepetsa kolesterolo yemwe chiwindi chimapanga. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, osati ngati a malungo, ndipo mukasiya manambala amabwerera pomwe anali. Ena amamva kuphwanya kwa minofu, ndipo zikatero auze dokotala. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati anene asanayambe. Musagule nokha poona pepala la mnzanu.

Atsibweni ndinawaonetsa mizere yonse inayi. HDL wawo anali bwino, poti ndi munthu wa khasu ndi njinga. LDL anali 4.3, wokwera ndithu. Ndinawafunsa kuti BP anayezetsa liti. Anaganiza kaye, kenako anati ku Lilongwe anawamanga chinthu pamkono koma nambala yake sanaifunse. M'mawa mwake tinapita limodzi kuchipatala cha St. Michael's, ndipo makina anaonetsa 168 pa 100, pamene malire ndi 140 pa 90. Anawalembera m'kabuku kawo ka kuchipatala n'kuwauza kuti abwerenso, poti BP saigamula ndi tsiku limodzi. Ndinawapempha kuti popita atenge kapepala kaja, adokotala akaone zonse pamodzi.

Madzulo amenewo azakhali anasinja mtedza, nkhwani n'kubwerera patebulo wotendera, mchere atauchepetsa. Titadya, atsibweni anatulutsa fodya uja n'kuyamba kumupichira, kenako anandiyang'ana.

"Mphwanga, ndi uyunso ali pakapepala paja?"

"Sanalembedwepo, atsibweni, koma pa zonse zomwe takambirana, ameneyu ndi amene ndikumuopa kwambiri."

Anamuika pambali pa mpando osamuyatsa. Lachinayi anadzuka m'mamawa, natenga njinga ndi kabuku kawo kubwerera kuchipatala.